Chitenje Chimene Ndinakwirira

Lolemba, 13 Januwale

Anditumizira mwana wolakwika. Pa adzukulu onse amene ndili nawo, mwana wanga Gabriel waona kuti woyenera kudzandidikirira kuchipatala ndi Mabel, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi amene pakamwa pake pamatuluka mawu atatu pa tsiku. Ine Alufandika, munthu wa ng'ombe khumi ndi zinayi, ndigone pano ngati wopanda abale.

Chandibweretsa ndi mwendo. Sitima, ng'ombe yanga yapangolo, inandibaya ndi nyanga pakatumba wamanzere sabata yatha. Ndinathirapo mchere ndi phulusa monga timachitira. Pofika Lachisanu mwendo unali ngati mtsuko. Dokotala, mwana wadzulodzulo, wayang'ana balalo n'kunena kuti, "Agogo, mukanachedwa masiku awiri tikanakambirana zodula." Ndamuuza kuti mwendo umenewu unkayenda kuchokera kwa Chapananga mpaka ku Nchalo amayi ake asanathe msinkhu.

Kutentha kwa thupi: 39. Jakisoni wodzera m'kapaipi ka padzanja, katatu pa tsiku. Mapiritsi awiri oyera.

Kope ili wandipatsa ndi Leonard wa bedi la kumanja, wodula nzimbe, Msena wa ku Nsanje amene chikwanje chinamudya chala cha kuphazi. Anaseka poona ndikulemba. "Madala, sukulu munalekezera kalasi yanji?" Ndati sindinalekeze, poti sindinayambe. Zilembo ndinaziba pamsika wa thonje, posuzumira dzanja la kalaliki wa pasikelo. Wofuna zokongola akawerenge za aphunzitsi.

Lachiwiri, 14 Januwale

Atsuka bala m'mawa. Achotsa mnofu wakufa. Sindinalire. Leonard akuti ndinatchula dzina la ng'ombe kasanu, ndipo osati moidalitsa.

Kutentha: 38 ndi theka. Magazi akuti alipo okwanira.

Mabel wabwera ndi phala kuchokera kukhitchini ya magadiyani. Mbale waimanga m'nsalu ndi mfundo zisanu ndi imodzi. Pofika pomasula, phala lazizira. Ndi mmene alili. Kumudzi akamanga mbuzi, timachita kudula chingwe ndi mpeni. Ukamufunsa, amangoyang'ana pansi. Mwana wa Gabriel atabadwa, Mabel anakana kumubereka kumsana ngakhale kamodzi, mpaka ndinamukalipira pamaso pa anthu kuti ndi wonyada.

"Mdzukulu wanuyu ngwabwino," akutero Leonard. "Mkazi wosayankhula, nkhabe ndewu m'nyumba." Nkhabe ndiye kuti palibe, m'chiyankhulo chawo.

Ndilembe kuti ndi mwana wa yani. Ndi wa malemu mwana wanga Jesinta, amene anakwatiwa ku Nsanje m'mbali mwa Shire n'kufedwa mwamuna komweko. Madzi a zaka ziwiri zapitazo anatenga Jesinta ndi kamwana kake komaliza. Mabel yekha ndiye anapulumuka. Ndinamutenga kubwera naye kwathu kouma, kumene mtsinje umakhala mchenga miyezi isanu ndi itatu. Za maliro amenewo sitikamba pakhomo panga. Ndinaletsa ndine.

Ndauza Gabriel pafoni kuti afunefunenso botolo la mankhwala opopera thonje limene linasowa mwezi watha. Ndikudziwa anabwereketsa kwa anzake, akungokana.

Lachitatu, 15 Januwale

Thupi latenthanso. 39 ndi theka. Diripi ziwiri. M'wodi muno mukutentha ngati mu uvuni wa njerwa. Mitambo yakuda kumwera.

Mabel sanadye. Wakhala pansi pafupi ndi bedi, maso ali pazenera tsiku lonse.

Lachinayi, 16 Januwale

Sindikudziwa poyambira.

Cha m'ma 2 koloko masana, atangondibaya jakisoni, mvula inayamba. Kwathu nyumba ndi yaudzu, mvula imagwa ngati ikunong'ona, ndiponso chaka chino yakhala ikungowaza. Pano denga ndi la malata. Inali ngati athira ngolo ya miyala pamwamba pathu.

Mabel anali ataimirira ndi mbale. Mbale inagwa. Ndisanatsegule pakamwa kuti ndimukalipire, anali atatuluka.

Leonard anatsimphina kupita pazenera. Sanaseke. "Madala, bwerani mudzaone. Mwana wanu ali mumtengo."

Ndinakoka mwendo pamodzi ndi chitsulo cha diripi. Pabwalo pali mtengo waukulu wa nimu. Mabel anali pamwamba penipeni, pamene ngakhale mnyamata wothyola masau sangafike, atakumbatira thunthu. Chitenje chake anali atadzimangirira nacho kunthambi m'chiuno.

Anthu anadzaza m'khonde. Wina akuti ndi chamba. Mayi wina akuti ndi mizimu. Ena akujambula ndi mafoni. Mlonda anabwera ndi makwerero. Ine ndinakuwa pazenera kuti, "Tsika, ukundichititsa manyazi!" Anandiyang'ana ngati sanandionepo chibadwire.

Kenako kunatulukira mayi wamfupi wovala zoyera. Anabweza mlonda ndi makwerero ake, anauza anthu kuti aliyense abwerere kwa wodwala wake. Anavula nsapato, nakaima pansi pa mtengo wopanda ambulera. Ndinkamumva.

"Dzina langa ndine Lilian. Sindikwera, ndipo sindikukoka. Taona mapazi anga. Madzi ali pansi pa akakolo. Sakukwera. Ndikhala pompano kuti uziwaona."

Anaima pamenepo kuposa ola. Mvula itadula, Mabel anayamba kumasula mfundo zake. Zinamutengera nthawi. Atatsika, mayiyo sanamugwire. Anangoyenda naye limodzi kulowa m'kachipinda ka kuseri.

Ndafunsa. Akuti ndi namwino wa matenda a maganizo, amaona anthu Lachinayi. Ndati mdzukulu wanga si wamisala.

Kutentha: 38. Sindinadye.

Lachisanu, 17 Januwale

A Lilian abwera m'mawa ngakhale si tsiku lawo. Anandikankha pa njinga ya odwala kupita m'kachipinda kaja. Pakhomo panalembedwa kuti ndi ka achinyamata, koma theka lake mwadzaza mabedi othyoka ndi zidebe. Mipando ndi iwiri, iwo anakhala pachidebe.

"Agogo, Mabel ali ndi mawu. Wavomera yekha kuti muwamve. Ndikupempha chinthu chimodzi: musamudule mawu."

Ine kundiuza zosadula mwana. Ndinangovomera poti ndinali pa njinga ya eni.

Mabel anayankhula akuyang'ana zala zake. Mawu amene ananena lero aposa onse a zaka ziwiri.

"Agogo, madzi atalowa, amayi anandikweza mumtengo. Anandipatsira mwana. Iwo anapita ndikuona. Ndinamubereka kumsana ndi chitenje. Tinakhala masiku awiri. Tsiku lachiwiri ndinasinza. Nditadzidzimuka, kumsana kunali kopepuka."

Kenako anati:

"Ndinamanga mfundo imodzi yokha."

Ine ndinkadziwa kuti madzi anatenga mwanayo pamodzi ndi amake. Tonse tinkadziwa choncho. Palibe anamufunsa. Bwato la opulumutsa anthu litamutula, tinamupatsa phala, tinamufunditsa bulangete, basi.

"Ndiye inu munadzandilanda chitenje chija, n'kukulungira nthochi. Ndiye munati dzina lake lisamveke. Ndinadziwa kuti mukudziwa kuti ndine."

Ndilembe bwino apa, kuti wowerenga asanditenge ngati chilombo. Kwathu munthu akapita ndi madzi osapezeka, timadula thunthu la nthochi, timalikulunga m'nsalu ya malemuyo, n'kuliika m'manda kuti mzimu upeze pogona. Ya Jesinta inalipo, anaisiya kwathu atabwera kudzacheza. Ya mwana panalibe, zonse zinapita ndi nyumba. Amayi ena anati, chitenje wavala Mabelcho ndi chimene mwanayo ankaberekeredwa. Ndinamupempha. Anachigwira zolimba. Ndinachita kumufumbatula zala chimodzichimodzi. Ndinkati ndikukonza mwambo. Ndipo dzina ndinaletsa pofuna kuti mtima wake upole, poti bala silipola ukamalikanda.

Zaka ziwiri mwana wakhala m'nyumba mwanga akudikira chilango, ine ndikumutcha waulesi.

Ndinkaganiza kuti zatha. A Lilian anati, "Mabel, za botolo uwauza wekha, kapena ndiwauze ndine?"

"Lili m'khola la mbuzi. Pansi pa mwala wa pangodya."

Ndinafunsa kuti botolo lanji. Ndinafunsa ngati chitsiru, ndikudziwa kale.

"Ndinati ndidikire mutuluke m'chipatala kaye," anatero Mabel. "Kuti pasasowe wokuphikirani."

Bala atsuka madzulo. Sindinamve kanthu.

Loweruka, 18 Januwale

Gabriel walipeza. Pansi pa mwala, lokulungidwa m'kansanza, mfundo zisanu ndi imodzi. Ndamuuza akalipereke kwa alangizi a zaulimi, lisagonenso pakhomo. Ndamupepesa pomunamizira. Anadabwa mpaka anafunsa ngati ndine amene ndikuyankhula.

A Lilian akonza kuti Mabel asamakhale yekha. Kukhitchini akupita ndi mkazi wa Leonard, akugonanso pambali pake.

Leonard lero alibe nthabwala. Masana anatembenukira kwa ine. "Mwana wanga anali Paul. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Analephera mayeso kawiri, anayamba kungogona. Ine ndinkati, dzuka, mwamuna sagona dzuwa lili pamutu. Tinamupeza kuseri kwa nyumba za kampani." Anayang'ana kudenga. "Inu madala mwapeza botolo. Ine ndinapeza mwana."

Kutentha: 37 ndi theka.

Lamulungu, 19 Januwale

Gabriel wabwera ndi mlamba wouma ndi bwemba. Anakhala m'mphepete mwa bedi, chipewa m'manja.

"Ababa, nkhaniyi ndaimva. Mwanayu wagwidwa ndi mzimu wa amake. Kuseri kwa phiri kuli munthu amachotsa zimenezi. Amawasunga milungu itatu. Wothawathawa amamumanga pang'ono kuti asadzipweteke."

Ndinati chingwe ndi cha Sitima.

"Ababa, musaiwale. Ndi mwana wa mlongo wanga. Mwini mbumba ndine."

Pamenepo ananena zoona, ndipo mwambo umenewo ndinamuphunzitsa ndine. Pa mwana wa Jesinta, mawu omaliza ndi a malume wake, osati anga. Gabriel si woipa. Maso ake anali ofiira. Akuopa kuika maliro ena.

Koma palinso mwambo wina. Munthu sachotsa gadiyani wodwala akadali pabedi. Ndinamukumbutsa.

Tinakangana mpaka belu lotulutsa alendo. Pomaliza anati, "Chabwino. Mayi wanuyo ngati ali ndi mankhwala, azibwera kwathu. Inu ndi mwendo uwo simungamaperekeze mwana kuno, ndipo ine sindimuwolotsa mtsinje wodzaza, mwaona nokha zimene madzi amamuchita. Akafika kuchipatala chathu chaching'ono mwezi wamawa, ndisiya. Akapanda kufika, ndimutenga."

Nsomba ndapatsa Leonard. Akuti takhuta, koma mchere wachepa ngati chikondi cha apongozi.

Lolemba, 20 Januwale

Bala layamba kufiira bwino. Achotsa kapaipi. Tsopano mapiritsi okha, awiri m'mawa, awiri masana, awiri madzulo.

Ndafunsa a Lilian ngati angabwere kwathu. Anapumira m'mwamba.

"Agogo, mtima ulipo. Mabel safuna mapiritsi kwenikweni, afuna kukhala naye pansi kawirikawiri, kwa miyezi. Koma ndili ndekha, ndipo ndilibe choyendera. Galimoto ya katemera wa ana imapita kwanuko Lachinayi loyamba la mwezi, imazungulira njira yakumtunda. Mpando umakhalapo. Kungoti dzina langa silili pa pepala la okwera, ndipo Lachinayi ndi tsiku langa la pano. Pafunika wamkulu anene kuti zisinthe."

Ndafunsa kuti ana onga Mabel amabwera angati. Akuti Lachinayi lapitali analipo khumi ndi atatu pabenchi, ndipo amenewo ndi okhawo okhala pafupi.

Khumi ndi atatu. Ine ndinkati ndi wanga yekha.

Lachiwiri, 21 Januwale

M'mawa akolopa kawiri, atipatsa nsalu zoyera za pabedi. Leonard akuti, "Kukubwera akuluakulu, bisani mapazi."

Anabwera anthu anayi ochokera ku likulu. Wotsogolera ndi bambo wamtali waulemu, a Ignasio Kalioti. Akuti akuyenda m'maboma kumva maganizo a anthu, chifukwa akulemba ndondomeko ya zaka zisanu yokhudza umoyo wa achinyamata, pamodzi ndi za maganizo zomwe. Ankangodutsa m'wodi mwathu popita kuholo. Ndinatchinga njira ndi ndodo.

"Bwana, m'pepala mwanumo muli kwa Chapananga?"

Anaseka pang'ono. "Agogo, ndi ya dziko lonse."

"Dziko lonse ndilibe nalo mdzukulu. Ine ng'ombe yanga ikatsokomola, alangizi amabwera pa njinga yamoto mpaka pakhola. Mwana wa miyezi isanu ndi inayi ali ndi galimoto yake. Nanga wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, amene wabisa imfa pansi pa mwala, ali ndi yani?"

Anasiya kuseka. Ndinamuuza za mpando wa m'galimoto ya katemera. Anamvetsera, sindinama. Anati zimenezo ndi zimene akufuna kuti zidzalowe, kuti ntchito ziziyendera limodzi. Ndinafunsa kuti liti. Akuti pepala likamalizidwa, likaunikidwe, kenako livomerezedwe.

"Mwezi wamawa lidzakhala litavomerezedwa?"

Mnzake anamuonetsa wotchi. Pochoka anati, "Agogo, mutilembere. Mupereke kwa a Lilian, zidzandipeza. Ndili kuno mpaka Loweruka."

Ankaganiza kuti sindidziwa kulemba. Ndinaona m'maso mwake.

Lachitatu, 22 Januwale

Dokotala akuti ndatuluka. Ndati sindinatuluke.

"Agogo, bala lili bwino. Bedi likufunika."

Ndati ndigona pansi, ndazolowera mphasa, koma pa geti sindidutsa mpaka Mabel aonanenso ndi a Lilian mawa. Anaitana mkulu wa anamwino. Nayenso ndinamuuza chimodzimodzi. Leonard anathandiza: "Asiyeni, awa ngakhale ng'ombe inalephera." Andisiya mpaka Lachisanu.

Mvula yagwanso masana. Mabel anayamba kunjenjemera, maso kuchitseko. A Lilian anamuphunzitsa kuponda pansi zolimba ndi kutchula zinthu zimene akuziona. Ndinamumva akunong'ona: bedi, ndodo, mbale, phazi la a Leonard. Ndinamupatsa dzanja langa. Analifinya mpaka pamene panali kapaipi panatuluka magazi. Sanathawe.

Lachinayi, 23 Januwale

Tinalowanso m'kachipinda ka zidebe. A Lilian anati, "Agogo, lero ndi inu."

Ndakambapo milandu pabwalo, ndalankhulapo pamaliro a anthu akuluakulu. Lero lilime linali ngati chikopa chouma.

Ndinati: "Mabel, sindinkadziwa. Chitenje ndinatenga chifukwa panalibe nsalu ina. Dzina ndinaletsa chifukwa ndinkaopa kulimva ineyo. Unali mwana wa zaka khumi ndi zinayi, masiku awiri osadya, osagona. Mfundo ngakhale zikanakhala khumi, madzi aja anazula milatho. Sunamutaye. Unamusunga masiku awiri pamene akuluakulu tonse tinali kutali."

Ndiye ndinalitchula. Tithokoze. Dzina lake anali Tithokoze. Anali ndi zaka zitatu, ankaopa nkhuku, ankanditcha Gogo Ng'ombe.

Mabel analira kulira kumene sanalire pamanda. Ine sindilemba zimene ndinachita.

A Lilian andichenjeza kuti ndisaganize kuti wachira. Akuti lero tangotsegula bala, monga anachitira ndi mwendo wanga tsiku loyamba. Likufunika kutsukidwa kawirikawiri, apo ayi libwerera. Zimenezo ndazimva, poti ndaziona pa thupi langa.

Phala la madzulo labwera ndi mfundo zinayi. Ndawerenga.

Mawa tikupita. Kope ili ndikulisiya kwa a Lilian. Ndamuwerengera Mabel zonse, wati lipite, koma aliwerenge munthu mmodzi yekha.

Tsono a Ignasio Kalioti, munati tikulembereni. Ndalemba. Pepala lanu la zaka zisanu lembani, ndipo muikemo ana khumi ndi atatu a pabenchi aja, ndi Paul wa Leonard amene sanafike pabenchi. Koma ine zaka zisanu ndilibe. Gabriel wandipatsa masabata awiri, ndipo kuseri kwa phiri chingwe chilipo kale. Musanakwere galimoto yanu Loweruka, lowani mu ofesi ya amene amalemba okwera galimoto ya katemera, muikitse dzina la Lilian pampando wopanda munthu uja. Si chaka chamawa, si pepala likavomerezedwa.

Lachinayi pa 6 Febuluwale ndidzakhala pakhomo pa chipatala chathu chaching'ono, ndi ndodo yanga, Mabel kumanja, Gabriel kumanzere. Ndidzawerenga otsika m'galimotomo monga ndimawerengera ng'ombe polowa m'khola. Ikasowa imodzi, ndimadziwa, ndipo ndimadziwanso wokamufunsa.